Chitsulo Choyera cha pa Manda a Amayi

Ndinali ndisanakwanitse zaka khumi ndi zitatu pamene atate anasungunula mapoto a amayi anga. Ndayamba ndi pamenepa dala, chifukwa ngakhale lero, mutu utayamba kale imvi, nkhaniyi ndikaiyamba mozungulira ndimalephera kuifikitsa kumapeto.

Tinkakhala ku Kabwata, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine, amayi ndi atate basi. Mapoto ndikunenawa sanali mapoto wamba. Anali a sitenilesi, chitsulo chonyezimira chija chosagwira dzimbiri, olemera bwino, aliyense ndi chivindikiro chake. Amayi anawalandira pa kicheni pate yawo, phwando lija la amayi okhaokha limene mkwatibwi amapatsidwa ziwiya asanalowe m'banja. Anawapatsa ndi mayi wina wa ku Woodlands amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba asanakwatiwe. Chiyambire tsiku limenelo mapotowo sanaonepo moto. Ankangokhala m'kabati ya galasi pabalaza, aakulu pansi, aang'ono pamwamba, ife tikuphikira m'timapoto takuda bii, topindika milomo, tomwe zogwirira zake zinathawa kalekale.

Loweruka lililonse amayi ankawatulutsa n'kuwapukuta ndi kansalu kofewa. Ine ntchito yanga inali kudziyang'anira pa chivindikiro, nkhope itatambasuka ngati ya chule. Ndinali mwana wapakamwa, ndiye tsiku lina ndinawafunsa kuti mapoto osaphikira ntchito yake n'chiyani. Anandikwapula ndi kansaluko pamutu.

"Iwe Dailesi, pakamwa pako. Awa si anga, ndikungokusungila. Pa kicheni pate yako ndidzakupatsa ndekha, anthu akuona."

Ndinaseka, poti pa msinkhu umenewo ukwati ndinkauona ngati nkhani ya anthu ena.

Amayi anayamba kudwala mvula itangoyamba, ndipo anatisiya chisanu cha Juni chili pakati. Tinakawaika ku manda a kufupi ndi Chunga. Abale ochokera ku Katete anagawana zovala monga mwa mwambo, madiresi, nsapato, ngakhale yunifomu yawo ya chigwirizano cha amayi a kumpingo. Koma wina atangotambasulira dzanja ku kabati, amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi amene ankakhala ku Chelstone, anaimirira kutsogolo kwa galasilo. Anati izi zisagwidwe, ndi za mwana. Wotambasula dzanja uja analibweza.

Atate anali munthu wa moto. Anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina yosungunula zitsulo, ndipo itawachotsa pamodzi ndi anzawo, anamanga kang'anjo kawo kuseri kwa nyumba ya mnzawo, ba Mulenga, cha ku Chunga komweko. Ankaumba zipangizo za zigayo, zitsulo za pansi pa mbaula ndi zivindikiro za ngalande. Manja awo anali zipsera zokhazokha ndipo nsidze zinapsa kale. Sanali wankhanza, koma sankadziwa kuyankhula. Anthu a pamaliro atangobalalika anandiitana n'kundiuza mawu amodzi: "Zolila zatha m'nyumba muno. Amako apumula." Kuyambira pamenepo ndinkakalirira kubafa nditatsegula mpopi.

Pa manda a amayi anazikapo kachikwangwani ka malata, dzina litalembedwa ndi penti yoyera, monga ankachitira pa manda onse atsopano. Patapita masabata angapo tinapitako ndi maluwa, koma kachikwangwaniko panalibe. Sikanali ka amayi kokha. Mzere wonsewo unali mbee, anyamata ogulitsa zitsulo zakutha atazula chilichonse. Zaka zimenezo anthu ankamwalira kwambiri, moti chichokereni ife panali patawonjezeka mizere ina yambiri, mitumbira yofiira yofanana yokhayokha.

Tinayendayenda dzuwa mpaka kupendeka. Atate ankawerenga mizere kuchokera pa mtengo wina, n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Penapake anaima, navula chipewa pa manda a munthu amene sitinkamudziwa, ine n'kuwakoka shati kuti si pano. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti tsiku la maliro, anthu akuimba, maso anga anali pa kamtumbira ka khanda koyandikana ndi dzenje la amayi, pomwe wina anakwirirapo botolo la mkaka mpaka m'khosi. Ndinafunafuna botolo limenelo mpaka ndinalipeza. Atate anali thukuta kamukamu ngakhale kunkawomba mphepo yozizira.

"Tikanachedwa mwezi wina, bwenzi amako atatayika," anatero, osandiyang'ana.

Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu angamwalire kenako n'kutayikanso.

Ndiye atate anapanga chikwangwani chawochawo. Madzulo akaweruka ankakhala pakhonde n'kumasema zilembo pa thabwa ndi kampeni, dzina la amayi, ESNATI ZULU. Anadinda thabwalo mu mchenga wonyowa, nathiramo chitsulo chosungunuka chochokera ku injini yakufa ya galimoto. Chinatuluka chokongola, cholemera, cha miyendo iwiri italiitali imene anaizika mu simenti. Ndinanyadira, sindibisa. Pa manda onse a mzere umenewo, a amayi okha ndiwo anali ndi dzina loti ungalipapase ndi chala.

Sichinafike n'komwe ku mvula. Tinakapeza timiyendo tiwiri titatsala mu simenti, todulidwa bwinobwino ndi sowo, utuchi wotuwa uli mbwee pansi. Atate anatola utuchiwo n'kuufikisa pakati pa zala, zalazo n'kuda.

"Chofewa," anatero. "Ndawapatsa chitsulo chofewa ngati sopo."

Masabata otsatira ankachoka m'mawa n'kubwera opanda kanthu. Ndinamva pambuyo pake kuti ankazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ku Kamwala ndi kumafakitale, kufuna zidutswa za zigayo za kumigodi, zomwe zimakhala ndi kromu wambiri. Sanazipeze.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinali nditayala mapoto pamphasa ndikupukuta, poti ntchito ya amayi ija ndinaipitiriza ndekha popanda wondiuza. Atate analowa ndi thumba la saka, naliponya pafupi nane.

"Ika umo."

"Tikusamuka?"

"Ika umo, Dailesi."

Anandifotokozera mwachidule, ngati akuuza kasitomala. Ankafuna chitsulo choti sowo isalume. Kuti chitsulo chiume chotero pamafunika kromu, ndipo kromu ndi amene amachititsa mapoto a sitenilesi kunyezimira osagwira dzimbiri. M'nyumba monse, mu Kabwata monse momwe iwo akanatha kufikamo, kromu anali m'kabati mwathu.

Ndinayankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kuuza kholo. Ndinati amayi ananena kuti ndi anga. Ndinati ndikauza amayi aang'ono. Ndinati ngakhale abale a ku Katete anachita manyazi kuwagwira. Atate anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anafunsa ndi mawu otsika:

"Amako alibe dzina pamanda. Ufuna mapoto kapena ufuna amako?"

Funso loipa ngati limenelo sindinafunsidweponso moyo wanga wonse. Mwana angayankhe chiyani? Ndinangokumbatira kapoto kakang'ono kwambiri, kamene ndinkakakonda. Sanandimenye. Anagwada n'kumatula zala zanga chimodzichimodzi, mofatsa, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene kunandipweteka koposa. Atanyamula thumba ndinawatsatira mpaka pa siteji, n'kukwera nawo minibasi popanda kuitanidwa. Sanandibweze.

Ba Mulenga anali Mbemba wa ku Kitwe, wamfupi, wonenepa, munthu woseka ndi thupi lonse. Atandiona anakuwa moni wa chikwawo, "Shani, mayo? Lelo watiyendela?" Koma atasuzumira m'thumba muja kuseka kunazima. Anayang'ana ine, nayang'ana atate, nawaitana mwa chikwawo kuti bambo a Dailesi.

"Bashi Dailesi, aya si mapoto ya mu kabati?"

"Yatsani moto."

"Imwe muziba bwino kuchila ine. Mukaika ivi, chitsulo chizayela. Sowo sizaluma, icho nichazoona. Koma chizankala monga botolo."

"Akuba amabwela ndi sowo."

"Lelo ni sowo. Nanga mailo?"

"Ba Mulenga, yatsani moto."

Ba Mulenga anapukusa mutu n'kukayatsa. Moto ukukolera, ndikuganiza kuti anandimvera chisoni, chifukwa anandiitanira kuseri kwa mulu wa zitsulo kuti ndisaone zimene atate ankakonzekera. Anatola zidutswa ziwiri zothyoka. Choyamba chinali chotuwa pothyokapo, ndipo anandiuza kuti ndipakepo chala. Chala chinada ngati ndagwira mtima wa pensulo. Chachiwiri chinali choyera pothyokapo, chonyezimira ngati shuga, ndipo chala chinachokapo choyera.

Zimene anandiuza ndizinena m'mawu anga, poti Chinyanja chake chinali chosakaniza kwambiri. M'chitsulo chilichonse choumba muli kaboni, amene iwo ankangomutcha makala. Chitsulo chikamazizira m'chikombole, makalawo amayenera kupeza pokhala. Mu chitsulo cha injini muli silikoni wokwanira, ndipo silikoni amakankha makala kuti akhale paokha, timabale tofewa tomwazikana m'kati monse. Timeneto ndi timene timadetsa chala, ndi timene timalola sowo kudutsa, ndiponso ndi timene timameza kugunda, moti ukachimenya chimangoti khu. Kromu amachita zosiyana. Amagwira makala aja n'kuwamangirira ku chitsulo, n'kupanga timiyala touma gwa, timene ankatitcha makabaidi. Makala omasuka satsalamo. N'chifukwa chake pothyoka pamayera, ndipo chitsulocho chikakhala chopyapyala n'kuzizira msanga, chimayera kwambiri.

"Manje ichi choyela," anatero akuchiponya m'mwamba n'kuchiwakha, "chikosa maningi. Koma sichiziba kupindika. Olo pang'ono."

Sindinasamale za makala ake. Makutu anga anali kutsidya kwa muluwo, kumene kunayamba kumveka hamala ndi tchizulo. Ndinathamangirako. Atate anali atagoneka poto wamkulu pa chitsa n'kumamudula tizidutswa kuti asungunuke msanga. Anadula onse, mmodzi ndi mmodzi. Chivindikiro cha kapoto kanga ndinadzionapo nkhope komaliza chisanapindike. Sindinalire, poti lamulo linali lija, ndinangoluma mlomo mpaka kumva mchere wa magazi.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mapotowo analowa m'ng'anjo popanda chizindikiro chilichonse. Ndinkayembekeza kuti mwina moto usintha mtundu, kapena kumveka kanthu. Ayi ndithu. Tizidutswa tinkangomira mu phala lofiiralo, ba Mulenga n'kutakasa, basi. Zaka zonse zimene amayi anapukuta zinathera pamenepo. Atathira m'chikombole, mchenga unafuka nthunzi yonunkha ngati dothi la mvula yoyamba, ndipo ine ndinapita kukakhala pa tayala kumpanda, nditafulatira.

Chitazizira anachifukula mu mchenga n'kuchitsuka. Atate anatenga sowo yatsopano nayesa pa mwendo. Sowo inangoterereka ikulira kwee, ndipo ataitembenuza mano ake anali atatha. Anayesa tupa, nayonso inangodutsa pamwamba ngati pa galasi. Kenako anachikoleka pa waya n'kuchigogoda pang'ono ndi msomali. Chinalira ngwee, kulira kwautali, koyera, ngati belu la kutchalitchi. Atate anamwetulira koyamba chimwalirire amayi. Kumwetulira kumeneko ndinadana nako.

Tinakachizika pa manda mu simenti yatsopano, ndipo chinakhala. Mvula inabwera, chili pomwepo. Ulendo wina tinapeza timizere tonyezimira pa mwendo, pomwe sowo ya wina inayesa n'kulephera. Atate anapapasa timizereto nthawi yaitali.

"Abwela, alephela," anatero, akundiyang'ana kuti ndivomereze.

Ndinayang'ana kumbali.

Kunyumba tinkakhala ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi. Ndinkaphika, kuwaikira chakudya pa tebulo, kuwauza kuti madzi ali kubafa, nkhani n'kuthera pomwepo. Kabati inali gwaa, ndipo pa pepala loyala m'mashelefu munatsala timizere tozungulira pomwe pankakhala poto aliyense. Sindinachotse pepalalo. Ndinkafuna kuti aziliona akamadya. Amayi aang'ono atabwera n'kuona kabatiyo anakalipa mpaka aneba anatuluka, nati anditenga tikakhale ku Chelstone. Ndinakana. Anthu anayesa kuti ndikumvera chisoni atate, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna aziona nkhope yanga tsiku ndi tsiku. Mtima wanga unali utauma, ndipo ndinkakondwera nako kuumako.

Mvula itatha, udzu utatalika, tinapita kukalambula pa manda tsiku lina Lamlungu titatuluka m'tchalitchi. Tili chapatali ndinaona kuti pamene pankaoneka mutu wa chikwangwani pamwamba pa udzu panalibe kanthu. Atate anaonanso, chifukwa anayamba kuyenda mofulumira, khasu likugunda m'miyendo.

Timiyendo tinalipo mu simenti, koma ulendo uno sitinali todulidwa. Tinali tothyoka, tosongoka, toyera mbee, tikunyezimira padzuwa ngati shuga uja anandionetsa ba Mulenga. Pa mtumbira panali chimwala chachikulu chimene sichinalipo kale. Akuba aja sanavutike n'komwe. Sowo itawakanika anangotola mwala n'kumenya, mwina kamodzi kokha, chikwangwani n'kusweka ngati mbale yadothi. Atate anali atawachepetsera ntchito, poti zidutswa zimalowa bwino m'thumba kusiyana ndi chikwangwani chathunthu. Mu udzu munatsala tizibenthu ting'onoting'ono ndi chidutswa chimodzi chokwana m'chikhatho, chimene akubawo sanachione.

Atate anatola chidutswacho. Kenako anakhala pansi, pa dothi lofiira, atavala buluku lawo la kutchalitchi, munthu amene sankakhala ngakhale pa mpando wafumbi asanaupukute. Anapaka chala chachikulu pothyokapo monga anazolowera. Chala sichinade. Chinachekeka, magazi n'kuyamba kudontha, iwo osazindikira.

"Mulenga ananena," anatero. "Koma ine ndinali kudziwa asananene."

Ndinali nditadikira tsiku limeneli miyezi yonseyo. Mawu anali okonzeka kale pa lilime: mwaona? Ndinkawayeserera pophika, posamba, popita kusukulu. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma atate anakweza maso n'kundiyang'ana, chidutswa chija chili m'manja, nati:

"Mapoto ako, Dailesi."

Atatero analira. Sikunali kulira kwa mwamuna kobisa nkhope m'chipewa ayi, kunali kulira kotsegula kukamwa, kwa mawu oipa, osazolowera kutuluka. Anthu amene ankaika maliro chapafupi anatembenuka, mwina kuyesa kuti ndife abale awo ochedwa. Sindinawakumbatire, sindinganame. Kwathu sitinkadziwa zimenezo, ndiponso mtima unali usanakhululuke. Ndinangokhala pansi mbali ina ya mtumbira n'kuyamba kulira nanenso, koyamba kulira amayi popanda mpopi wotsegula. Mawu aja sindinawanene, ndipo sindinawanenepo mpaka atate anamwalira.

Loweruka lotsatira tinabwerera ndi simenti ndi mchenga pa wilibala ya ba Mulenga. Atate anakonza kabwalo kakang'ono kumutu kwa manda, nathira simenti, naisalaza. Isanaume anatulutsa msomali m'thumba n'kundipatsa.

"Lemba ndiwe."

Ndinalemba mokhota, ndipo poti ndinayamba ndi zilembo zazikulu kwambiri, zomalizira zinapanikizana kumapeto. Atate anati zili bwino. Dzina limenelo lilipo mpaka lero. Ndere zimamera m'zilembomo, ndimakazikokota ndi kamtengo, koma palibe anaganizapo zoliba, chifukwa simenti yakutha palibe amagula.

Sindinganene kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinakhala bwino. Tinayamba kuyankhulana pang'onopang'ono, za sukulu, za mvula, za zigayo. Za mapoto sitinatchulenso. Kabati ija anaikamo mabuku anga.

Nditakula ndinakaphunzira uphunzitsi wa sayansi, ndipo tsiku lina kukoleji anatiika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kuti tione chitsulo choyera m'kati mwake. Anzanga anasuzumira n'kudutsa. Ine ndinakanirira pamenepo. Makabaidi aja a ba Mulenga ndinawaona ndi maso, oyera, olumikizana onse ngati ukonde kuchokera mbali ina mpaka ina. Mphunzitsi anafotokoza kuti mng'alu ukangoyamba pamalo amodzi umathamanga mu ukondewo popanda choutchinga. Anawonjezera kuti kromu akakhala wochuluka kwambiri, monga mu zigayo za kumigodi zimene atate anazifuna osazipeza, makabaidi amasintha maonekedwe. Salumikizananso, amakhala timitengo tapatokhapatokha, chitsulo chopirira chili pakati pawo, ndipo chitsulo chotero chimauma koma chimapirirako kugunda. Ndiye kuti mapoto a amayi anali okwanira kuumitsa chitsulo chija, koma osakwanira kuchipatsa kupirira. Kaya chikanalimba pa chimwala chija, sindikudziwa. Atate sindinawauze zimenezi. Ndikukhulupirira kuti ankazidziwa kale.

Kicheni pate yanga inachitikira pabwalo la amayi aang'ono ku Chelstone. Amene munafikapo pa phwando lotere mukudziwa mmene zimakhalira. Mkwatibwi amakhala pamphasa, mutu pansi, osaseka, osayankhula, ng'oma zikulira. Mayi wotsogolera amakweza mphatso iliyonse, mwini wake n'kubwera akuvina, n'kufotokoza pamaso pa onse ntchito ya chimene wabweretsa. Amuna saloledwa, choncho atate anatsala ku Kabwata. Ndinalandira mbale, mabeseni, mapoto a ku Kamwala okwana kutsegula sitolo. Ndinali nditadziuza kuti sindiganiza za lonjezo la amayi, ndipo ndinkakwanitsa ndithu.

Chakumapeto amayi aang'ono anaimirira. Sanavine. Oimba ng'oma anayesa kuwakopa, koma iwo anakweza dzanja, ng'oma n'kuleka. Anagwada patsogolo panga n'kundiika m'manja kaphukusi kakang'ono kolemera, komangidwa m'kansalu.

"Ichi chachokela kwa atate ako. Akuti ndi cha amako, anakulonjeza."

Ndinamasula. Chinali chidutswa chija cha pa manda. Ndinkayesa kuti chinatayika kale, osadziwa kuti anachisunga zaka zonsezo. Koma m'mbali mwake, mmene munacheka chala chawo, munali mosalala, mozungulira bwino. Ba Mulenga anandiuza pambuyo pake kuti tupa inakana monga mwa nthawi zonse, ndiye atate ankachipera pa mwala wonolera, pang'onopang'ono, Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, kuti chisadzandicheke m'manja.

Amayi a paphwandopo anayamba kunong'onezana ndi kusuzumira. Mayi wotsogolera, amene sankadziwa kanthu, anafunsa mwanthabwala monga ankachitira ndi mphatso zonse: "Nanga ichi ni chani? Tiuzeni nchito yake." Amayi aang'ono anangogwira pakamwa ndi chitenje. Mkwatibwi sayankhula, ndinalangizidwa zimenezo sabata yonse. Koma ndinadzutsa mutu.

"Ni mapoto ya amai banga," ndinatero.

Sindikumbuka kuti ng'oma zinayambiranso nthawi yanji.

Atate anamwalira zaka zingapo zapitazo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti anasankha manda kusiya ine, ndipo ndinawasungira mlandu umenewo nthawi yaitali kuposa mmene unayenera. Tsopano ndikuona kuti anali munthu wogwidwa ndi mantha, amene anaima pa manda a mlendo atavula chipewa, n'kulumbira kuti zisadzachitikenso. Chisoni chinawaonetsa mdani mmodzi yekha, sowo, ndipo anathira zonse zimene tinali nazo m'ng'anjo kuti agonjetse sowoyo, akudziwa bwinobwino kuti pali mwala. Anaumitsa chitsulo monga anadziumitsira okha, monganso anafunira kundiumitsa ine ndi lamulo lawo loletsa kulira. Ndipo ine ndinatengera. Miyezi ija ndinkawaikira chakudya osawayang'ana ndinkayesa kuti ndikulimba, pamene ndinkangouma. Chikanakhala kuti mawu aja anatuluka pa manda paja, sindikudziwa ngati pakanatsala kanthu pakati pathu koti munthu n'kutola mu udzu.

Zimandiwawabe kuti amayi sanandipatse okha mapoto aja anthu akuona. Zimenezo palibe anazikonza, ndipo sizidzakonzeka. Chidutswa chija chili m'kabati mwanga, pa shelefu yapamwamba, chokhachokha. Ndikachiiwala chimagwira dzimbiri, ngakhale m'kati mwake muli mapoto aja amene sankagwira dzimbiri, ndiye Loweruka ndimachitulutsa n'kuchipukuta ndi kansalu ka mafuta. Mwana wanga wamkazi anandifunsapo kuti kachitsulo kopanda ntchito ndimakasungiranji. Sindinamukwapule ndi kansalu. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, ndipo tinalira tonse awiri pabalaza, chitseko chili chotsegula.

Mapoto anga ena onse ndimaphikira.